Zala Zopanda Mizere

"Chala changachi chalakwa chiyani? Tachionani bwino!" anatero Bambo Tochi, atachitukula mpaka pafupi ndi mphuno ya akazi awo. "Mizere yake ndi iyi, yonse ilipo. Makina akangochiona adzachita kuchinyambita."

"Chichotseni pamaso panga, ndingachiwotche ndi ayironi," anayankha Mayi Sopo osadzutsa mutu. Ankasita yunifolomu yawo ya kuntchito patebulo lodyera, atayalapo bulangete lakale.

"Inu nzeru ikakhala yabwino mumaikana chifukwa yachokera kwa ine."

"Yachokera kwa kapitawo wa kuntchito kwathu. Inu mwangoitola panjira."

Kalata imene inabweretsa mkanganowo inali pakona pa tebulo, atayitsindika ndi kapu. Bambo Tochi anali atayiwerenga mokweza katatu, chifukwa akazi awo sankadziwa kuwerenga. Inachokera ku hotela kumene Mayi Sopo anagwira ntchito yochapa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Inkati mwezi wathawo anajomba masiku khumi ndi limodzi, ndipo pakatha milungu itatu akaonekere ku ofesi kukafotokoza chifukwa chake sayenera kuchotsedwa ntchito.

Koma mayiwo sanajombepo ndi tsiku limodzi lomwe. Vuto linali kabokosi kamene anakakhoma pachipata cha ogwira ntchito miyezi iwiri yapitayo. Aliyense polowa ndi potuluka ankadindapo chala. Kakakuzindikira kankayaka mobiriwira. Kakapanda kutero kankayaka mofiira, mawu a mkazi n'kumveka: "Yesaninso." Zala za Mayi Sopo zinali zosalala ngati mwala wa mumtsinje. Makina ochapira analipo ndithu, koma zothimbirira za vinyo, za mafuta ndi za magazi zinkafuna manja ndi mankhwala oyeretsera, ndipo ntchito imeneyo inali yawo. Mankhwalawo anadya mizere yonse.

"Kapitawo wakuuzani mwachifundo," anapitiriza Bambo Tochi. "Ndipite Lamlungu bwana kulibe, andilembetse chala changa pa dzina lanu. M'mawa ndizikuperekezani, ndadinda, ndabwerera. Madzulo chimodzimodzi. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Chifundo? Mukudziwa kuti onse amene anawachitira chifundo chimenecho akumuchapira zovala za kunyumba kwake? Mpaka zamkati za mlamu wake."

"Kuchapa si ntchito yanu kale?"

Mayi Sopo anaimika ayironi.

"Mwati bwanji, bambo?"

Bambo Tochi anaona kuti aponda polakwika, koma kubwerera kunawavuta.

"Ndikuti musamalimbane ndi makina, mayi. Ine ndinalondera nyumba yosungira katundu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wakuba sanatulutsepo ngakhale msomali. Atabweretsa makamera anayi, anandigwira chanza n'kundisiyira tochi ngati chikumbutso. Ndinalimbana nawo? Zinthu zimenezi sizimva."

"Ndiye poti inu anakuchotsani ndi kamera, ine ndidzichotse ndekha? Ntchito ndizigwira ine, koma wofika kuntchito mukhale inu? Tsiku lina mutadwala malungo, ndiye kuti ine ndajomba. Mutamwalira, ndidule chalacho ndiziyenda nacho m'chikwama?"

"Muli ndi pakamwa inu!"

"Ndili ndi pakamwa, koma mizere ndilibe. Ndikudziwa."

Bambo Tochi anakhala pampando wa pakhomo n'kuyang'ana kunja. Atalankhulanso, mawu awo anali atatsika.

"Ndimati mwina nanenso ndikhale ndi chodzukira m'mawa. Mumanyamuka ndili pabedi, mumandipeza ndili pampando uno. Nkhuku za aneba zandizolowera, zimachita kundidumpha."

Mayi Sopo anapinda yunifolomu, n'kuzimitsa ayironi. Mawu amenewo anawalowa, koma pa nkhani ya chala sanasinthe maganizo.

Lolemba m'mawa anafika pachipata isanakwane sikisi. Pamzere panali ophika, operekera zakudya ndi oyala m'zipinda. Panalinso anthu atatu amene sankagwira ntchito pa hotelapo. Iwo ankangodinda, kabokosi n'kuyaka mobiriwira, basi ulendo wa kwawo. Mmodzi anali mlamu wake wa Wailesi, mnzawo wa Mayi Sopo wa kochapira amene anapatsidwa dzinalo chifukwa pakamwa pake sipankazima.

Mayi Sopo anapukuta chala pansalu, n'kudinda.

"Yesaninso."

Anachipumira mpweya, n'kudinda.

"Yesaninso."

"Mayi, akukukananitu mkazi mnzanuyo," anatero wophika wina kumbuyo. Anthu anaseka.

"Andikane. Sindinabwere kudzamufunsira."

Atayesa kachisanu analowa choncho. Kuchipinda chochapira kunali kale nthunzi ndi phokoso. Wailesi anawatsatira mpaka pa sinki.

"Akulu, mwaganiza bwanji? Abambo akubwera Lamlungu?"

"Sakubwera."

"Iii, inu! Mukufuna mufe ndi ulemu? Ine poyamba ndinkachita manyazi, pano ndazolowera. Vuto n'lakuti mlamu wangayo wayamba matama. Dzulo akuti, 'Alamu, lero ndatopa, kuntchito kwanu sindipita.' Ndinachita kumunyengerera ngati mwana wokana kusamba. Munthu wosadziwa ndi komwe kuli sinki!"

"Ndiye ukuti nanenso ndilowe m'goli lomwelo?"

"Nanga n'kutani? Bwana wa ku ofesi ndi mwana wa dzana, amangokhulupirira zimene kompyuta yamuuza. Mukamuuza chiyani?"

Kapitawo analowa atanyamula timapepala take ndi cholembera kukhutu. Anali munthu wonenepa, wolankhula mofatsa ngati wopepesa maliro.

"Mayi athu, nkhani ija mwaifikitsa kunyumba?"

"Ndaifikitsa. Yakana kulowa m'nyumba."

"Ine ndimafuna kukuthandizani. Makina sanama, mayi. Akati simunabwere, ku likulu amamva kuti simunabwere."

"Nanga inu simunandione masiku amenewo?"

"Maso anga salembedwa mu kompyuta."

Ananena akumata kapepala pamtolo wa nsalu za patebulo zimene Mayi Sopo anapinda Loweruka. Pakapepalapo analemba tsiku limene nsaluzo zinachapidwa, monga ankachitira ndi mtolo uliwonse usanapite kosungira. Mayi Sopo anayang'ana dzanja lakelo likulemba, ndipo anapitiriza kuliyang'ana mpaka kapitawo anatuluka.

Madzulo a tsikulo atafika kunyumba dzuwa lisanalowe, sanakhale pansi. Anakoka katoni pansi pa bedi, natulutsamo limodzi mwa mabuku akale a amuna awo. Anali mabuku a ulonda, mmene bamboyo ankalemba galimoto iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndi nthawi yake. Lomaliza linali ndi masamba ambiri osalembedwa. Analiika pamiyendo pa Bambo Tochi.

"Munati mukufuna chodzukira. Ndi ichi. Mundiphunzitse kulemba dzina langa."

Bambo Tochi anaseka, kenako anaona kuti akazi awo sakuseka.

"Pa msinkhu umenewu?"

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikudinda chala. Ku ukwati wathu ndinadinda. Polowa ntchito ndinadinda. Lero chalacho chafufutika. Ndiye ndine ndani? Manambala ndimawadziwa, ndimawaona pa makina ndi pa wotchi. Chatsala ndi dzina."

"Dzina lidzakuthandizani chiyani pamaso pa kabokosi kaja?"

"Kabokosi kali ndi buku lake. Inenso ndikhala ndi langa."

Bamboyo anatsegula bukulo, nalinunkhiza pang'ono ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale. Anapita kukasaka pensulo m'kabati, naisongola ndi mpeni wa kukhitchini.

Sizinayende bwino. Zala zimene zinkatha kuchotsa banga pa silika osang'amba ulusi zinkagwira pensulo ngati mpini wa khasu. Nsonga inathyoka kanayi tsiku loyamba. Chilembo choyamba chinkatuluka chagada, chachitatu chinkayang'ana kumbuyo.

"Ichi chikupita kuti? Anzake akulowera uku, icho chikubwerera kumudzi?"

"Musandikalipire, sindine wakuba wa pa geti panu."

"Sindikukalipa, ndikuphunzitsa. Mimba ya chilembochi iyang'ane kudzanja lanu lodyera. Bwerezani."

Tsiku lachitatu Mayi Sopo anaponya pensulo pakhoma n'kunena kuti zawakwana. Bambo Tochi anaitola mwakachetechete, naisongolanso. Kenako anathira ufa pang'ono m'thireyi, nauyala ndi dzanja.

"Siyani pensulo. Lembani ndi chala chomwecho chimene akuchikana."

Mu ufamo zilembo zinayamba kumvera. Pofika Lamlungu, tsiku limene kapitawo ankadikira chala cha Bambo Tochi, Mayi Sopo analemba dzina lawo lenileni lonse papepala, zilembo zisanu ndi ziwiri, zokhota ngati mpanda wakale koma zowerengeka.

Kuyambira Lolemba lotsatira, anthu a pamzere anaona zachilendo. Kabokosi kakati "Yesaninso," Mayi Sopo ankatulutsa buku m'chikwama, n'kulitsamiritsa pakhoma pansi pa kabokosi komweko. Ankayang'ana wotchi ya pachipata, n'kulemba nthawi, kenako dzina, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo.

"Mayi, tichedwatu!"

"Dutsani, sindinatseke njira."

Kapitawo atamva anabwera kudzaona.

"Bukuli ndi la ndani? Ndani wakulolezani?"

"Ndi langa. Kulemba dzina langa m'buku langa kumafunanso chilolezo?"

"Ku ofesi akakusekani nalo."

"Akaseke. Mano ndi awo."

Tsiku la ku ofesi linafika. Bambo Tochi anavala jekete yawo ya ulonda, nawaperekeza mpaka pachipata, n'kukhala pa benchi ya kunja. Bwana woona za ogwira ntchito anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, wa magalasi, wooneka kuti nkhaniyo sinkamukondweretsa. Kapitawo anakhala pambali, manja ali pamimba.

"Amayi," anayamba bwanayo, "ine ndilibe nanu chifukwa. Koma zimene zili apazi zikuonetsa kuti mwezi watha munajomba masiku khumi ndi limodzi, ndipo mwezi uno asanu ndi atatu. Muli ndi chonena?"

Mayi Sopo anaika buku patebulo.

"Ambiri a mwezi uno ali umu. Tsiku, nthawi, dzina."

Bwanayo anatsegula, nayang'ana zilembo zokhotazo. Sanaseke.

"Ndaona. Koma buku ili mwalemba nokha. Munthu akhoza kulemba ali kunyumba."

"N'zimene ndinawauza," anatero kapitawo.

"Zoona," anatero Mayi Sopo. "Ndiye tiyeni kosungira nsalu. Mutenge pepala lanulo la masiku amene ndinajomba."

"Kosungira kukatani?"

"Muli mboni zanga. Sizitha kuyenda, n'chifukwa chake sindinabwere nazo."

Bwanayo anazengereza, kenako anaimirira. Onse atatu anadutsa m'khonde lalitali mpaka ku chipinda chozizira chimene mashelefu ake anafika kudenga. Nsalu za patebulo za mu holo yaikulu zinkakhala mmenemo milungu ingapo kudikira msonkhano kapena ukwati wotsatira, mtolo uliwonse ndi kapepala kake.

"Tchulani tsiku loyamba," anatero Mayi Sopo.

"Pa folo."

Mayi Sopo anayendetsa chala pa timapepala mpaka anapeza nambalayo.

"Analemba apa ndani, a kapitawo?"

"Ndine. Koma zimenezo zikungosonyeza tsiku limene nsalu zinachapidwa. Ochapa alipo asanu ndi mmodzi."

"Bwana, taonani pakona apa. Mukuona kakhutu aka? Kagwireni, mukoke."

Bwanayo anagwira kansonga ka nsalu kamene kanatulukira pang'ono pakona, nakoka. Nsalu yonse inatambasuka kamodzi n'kulendewera m'manja mwake, osakhudza pansi. Anadzidzimuka mpaka magalasi anatsetsereka.

"Operekera zakudya ankadandaula kuti nsalu zikuluzikuluzi zimakhudza pansi poyala, n'kudanso. Ndiye ndinapeza kapindidwe kanga. Ndimapinda katatu, kona yomaliza ndimailowetsa mkati, n'kusiya khutu. Palibe anandiphunzitsa, ndipo palibe wina amachita. Tchulani tsiku lina."

Pa seveni panali makutu. Pa naini panali makutu. Mwa masiku khumi ndi limodzi aja anapeza mitolo ya masiku asanu ndi awiri, yonse ya makutu, yonse ndi kapepala ka dzanja la kapitawo.

"Anayi otsalawo nsalu zake zinagwira kale ntchito," anatero Mayi Sopo. "Mukafunse amene anadyerapo."

"Kupinda aliyense akhoza kupinda," anatero kapitawo, mawu atayamba kuuma.

"Pindani."

Anamupatsa nsalu ija. Kapitawo anaitembenuza uku ndi uku, naipinda, nasiya kansonga. Bwana atakoka, nsalu yonse inagwa pansi ngati thumba.

"Imeneyo ichapidwenso," anatero Mayi Sopo.

Bwanayo anatuma kuti ochapa onse abwere. Analowa akupukuta manja m'maepuloni, Wailesi ali patsogolo. Bwanayo atayamba kufunsa za makutu aja, Wailesi anayankha funso lisanathe.

"Amenewo ndi a akuluwa, bwana. Ine ndinayesa chaka chathunthu, anga amatuluka ngati makutu a galu wodwala."

"Ndiye makina akukukanani chifukwa chiyani, amayi?"

Mayi Sopo anatambasula manja awo onse awiri pansi pa getsi. Bwanayo anawerama, nagwira chala chachikulu, nachitembenuza. Chinali chosalala, chonyezimira, chong'ambikang'ambika m'mbali.

"Mizere yanga ili m'nsalu zanuzi," anatero mayiwo. "Inapita pang'onopang'ono, zaka makumi awiri ndi zitatu. Hotela inadya zala zanga, lero ikundifunsa kuti zala zili kuti."

"Magolovesi simupatsidwa?"

"Amabwera kawiri pachaka, amatha mlungu umodzi. Ndipo si ine ndekha. Sinditchula munthu. Aliyense ali ndi manja ake, aonetse yekha ngati akufuna."

Mayi wina wachikulire anatambasula ake. Wina anatsatira. Wailesi anayang'ana kapitawo, nayang'ana pansi, natambasula. Mwa anthu asanu ndi mmodzi, anayi anali ndi zala zofanana.

Bwanayo anayang'ana papepala lake.

"Koma inu atatu makina amakulandirani tsiku lililonse. Zimatheka bwanji?"

Kwa nthawi yoyamba chilowereni ntchito, Wailesi anasowa mawu.

"Salandira ine, bwana. Amalandira mlamu wanga. Pa hotela pano wolimbikira ntchito kwambiri ndi iyeyo, sanachedwepo. Kungoti sadziwa kuti sopo timasunga pati."

Wina anaseka mwamantha, n'kudzigwira pakamwa.

"Anamulembetsa ndani?"

Maso onse anapita kwa kapitawo. Kapitawo anachotsa cholembera kukhutu, nachibwezeranso.

"Ndimawathandiza, bwana. Akanachotsedwa ntchito."

"Munalembapo lipoti kuti makina akukana anthu a kochapira?"

"Ndimati ndilembe."

"Akanalemba, zovala za kwawo akanachapa ndani?" anatero Wailesi, wailesi itayakanso. "Mabulangete, makatani, ndi zina zoti sindingatchule pamaso pa bwana."

Atabwerera ku ofesi anali awiri okha, bwanayo ndi Mayi Sopo. Bwanayo anayang'ana kompyuta, kenako anavula magalasi.

"Amayi, kabokosi kaja sindingakachotse. Si ine ndinakaika. Ndilembera ku likulu lero, koma sindikudziwa kuti ayankha liti, kapena ayankha chiyani. Za anzanu aja ndiyesetsa kuti zisawapweteke, koma sindikulonjeza."

"Ndiye mawa ndikafika pachipata ndidzatani?"

Bwanayo anayang'ana buku la ulonda limene linali likadali patebulo.

"Mungandibwereke ili? Likhale pachipata. Amene makina awakana azilemba umu, ine ndizisayina madzulo aliwonse."

"Limenelo ndi langa. Hotela yonseyi ingalephere kugula buku?"

Bwanayo anamwetulira koyamba.

"Tigula. Koma anzanuwo amatha kulemba?"

"Awiri satha. Mphunzitsi ali pa benchi panjapo, wavala jekete. Amakalipa, koma amaphunzitsa."

Bwanayo anasindikiza pepala lina, naliwerenga mokweza. Linkati kalata ya chenjezo yafafanizidwa, ndipo masiku onse aja awerengedwa kuti mayiwo anagwira ntchito. Anatsegula faelo yawo yakale, naona zidindo za chala kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mwachizolowezi anatsegula kabati, natulutsa kabokosi ka inki, nakakankhira kwa Mayi Sopo.

"Mudinde apa."

Mayi Sopo anakayang'ana kabokosiko. Anakakankha ndi chala chosalala chija mpaka kanabwerera kumene kanachokera.

"Mundipatse cholembera, mwanangu. Ndipo musandifulumize."